Chimene Mwana Saona pa Msewu wa ku Woodlands

A Nicodemus Mbewe anafika ku Lusaka dziko lisanalandire ufulu. Anachoka ku Katete ali mnyamata, atakhala pamwamba pa matumba a mtedza m'lole ya Mmwenye, ndipo ntchito yoyamba imene anaipeza m'tawuni inali yonyamulira azungu oyeza malo ndodo yaitali ya mizere yofiira ndi yoyera. Mzungu akati ima apo, ankaima. Akati sendera, ankasendera. Misewu ina ya ku Woodlands ndi ku Kabulonga anaiyenda ikadali tchire, udzu ukuwabisa mpaka m'khosi. Azunguwo atayamba kulongedza katundu, iwo anatsala mu ofesi ya zamisewu, ndipo m'kupita kwa zaka anasiya kunyamula ndodo n'kukhala woyendera misewu. Ngalande ikatsekeka, phula likakumbika, chikwangwani chikagwa, iwo ndiwo ankatumidwa kukaona n'kubwera kudzanena.

Anakwatira a Helen, mwana wa mkulu wa mpingo umene akuluakulu ankautchulabe kuti wa Dachi, ndipo anapatsidwa nyumba ya zipinda ziwiri ku Kabwata. Ana anabadwa anayi. Atatu anali atachoka kale pakhomo pamene izi zinkachitika, ndipo wotsala anali chitsirizira, Imelda, wa giredi folo. A Mbewe sankamwa mowa. Khadi la chipani anali nalo monga aliyense, koma kumisonkhano ankakhala kumbuyo, osayankhula. Loweruka masana ankapita kukwaya, kumene ankaimba besi. Anthu ankati ndi munthu wofatsa. A Helen ankati kufatsako n'kwa mwala: ukaukankha suyankha, komanso susuntha.

Chaka cha 1978 anthu a mu Lusaka ankayenda akuyang'ana kumwamba. Nkhondo ya ku Rodeshiya inali itawoloka Zambezi. M'mawa wina wa Okutobala kunamveka kugunda chakumpoto kwa mzinda, ngati bingu kopanda mtambo, ndipo pofika masana magalimoto onyamula ovulala anali kudutsa m'tawuni akuliza mahutala. Kuchokera tsiku limenelo nyali zinayamba kuzimitsidwa msanga, m'misewu munadzaza migolo ndi asilikali, ndipo pakamwa pa aliyense panali liwu limodzi: kazitape. Ndege siingaponye bomba pamalo popanda wina woilozera, anthu ankatero. Nanga wolozerayo ndani? Wonyamula kamera ankamenyedwa. Wofunsa njira kawiri ankalondoledwa.

Pa msewu waukulu wochokera ku Kabwata kupita ku Woodlands panali msasa wa asilikali. Pangodya ya mpanda wake asilikaliwo anamanga khoma la matumba a mchenga, lofika m'chifuwa cha munthu wamkulu, lotulukira mpaka m'mphepete mwenimweni mwa phula, ndipo kutsogolo kwake anandandalika migolo. Kanjira kamene ana a ku Kabwata ankadzera popita ku pulayimale ya kutsidya kwa msewuwo kankatulukira kuseri kwa khoma lomwelo.

Khomalo lisanathe mwezi, mtsikana wina dzina lake Mpundu, mnzake wa Imelda wa m'kalasi, anatulukira pakanjirako ali pa njinga ya mlongo wake, lole ya malasha n'kumuomba. Anafera pomwepo. Dalaivala analumbira kuti sanamuone, koma anthu anamumenyabe. A Mbewe anakaimba nawo pamaliropo. Imelda anabwera kumanda osalira, ndipo kwa masiku angapo ankangogwiragwira chakudya n'kuchisiya.

Ahedi a sukuluyo, Mayi Elizabeth Kunda, anabwera okha ku ofesi ya zamisewu kudzadandaula. Mkulu wa a Mbewe pantchito anali a Mukuka, injiniya wachinyamata wochokera ku Kasama, amene ankawalemekeza ngati atate ake. Mayi Kunda atatuluka, a Mukuka anatseka chitseko.

"Ba Mbewe, mwamvela mweka. Tifunika kuona pamalo paja, tidziwe ngati mwana angayendepo. Koma osati manje. Paja ni pa masoja. Nizalemba kwa bakulu ba pa kampu, bakavomela ndiye muyende."

"Adzayankha liti, bwana?"

"Sinidziwa. Kapena sabata, kapena mwezi."

"Ana akuwoloka mawa m'mawa."

"Nidziwa, ba Mbewe. Na ine nili na bana. Koma masiku ano munthu saimilila pafupi na masoja n'kuyamba kupimapima. Lindilani."

A Mbewe anavomera ndi mutu, ndipo anadikiradi. Koma m'mawa uliwonse ankaona Imelda akukulunga mabuku m'pepala la pulasitiki, akutuluka pakhomo kulowera kukanjira komweko, ndipo mtima sunkakhala m'malo. Yankho la ku msasa silinabwere. Potsiriza anadziuza kuti sakukayeza kanthu. Tepi aisiya ku ofesi. Angokaima monga kholo lililonse, n'kuona ndi maso.

Tsiku loyamba anatsamiritsa njinga yawo pamtengo n'kuima pakamwa pa kanjirako. Anadabwa. Msewu wonse unkaoneka bwinobwino pamwamba pa khoma, mpaka kokhota. Galimoto ikamabwera ankaiona ikadali kutali, dalaivalanso akanatha kuwaona. Nanga Mpundu anafa bwanji? Ali chiimire choncho, panafika kagulu ka ana a giredi wani, ena opanda nsapato, atagwirana malaya. Atafika pakhomapo anayamba kusendera pang'onopang'ono, wotsogola akutulutsa mutu kuti asuzumire. Pamene maso ake ankaona msewu, mapazi ake anali kale paphula.

Anawo atawoloka, a Mbewe anakoka buluku m'maondo n'kunyonyomala pamalo pomwepo, mutu wawo n'kufika pa msinkhu wa mwana. Msewu unasowa. Patsogolo pawo panali matumba okhaokha, ena atang'ambika, mchenga ukutsika. Anamva injini, koma sanathe kudziwa ngati ili pafupi kapena kutali, chifukwa khomalo linkameza phokoso. Mwadzidzidzi basi inatulukira n'kudutsa pafupi kwambiri moti mphepo yake inawavula chipewa. Anakhalabe chinyonyomalire. Apa ndi pamene mwana wawo ankadutsa tsiku ndi tsiku.

Anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake. Ankafika m'mawa, kenaka masana pamene ana a m'mawa ankaweruka ndipo a masana ankalowa, msewu uli piringupiringu. Anakwera njinga n'kudutsa pamigolopo kuti amve mmene mwana wapanjinga amamvera, ndipo anapeza kuti migolo ija inkakankhira wapanjinga pakati pa msewu, pomwe malole amadutsa. Anaonanso kuti m'mawa dzuwa limalasa m'maso mwa madalaivala opita ku Woodlands, kotero kuti mwana wa yunifolomu yotuwa, wotulukira mumthunzi wa khoma, sakanaoneka mpaka atafika pamphuno pa galimoto. A Mbewe anauza Imelda kuti azizungulira njira ya kumsika, yotalikirapo. Mwanayo anavomera, koma anzake onse ankadzera yachidule, ndipo a Mbewe ankadziwa kuti mwana sayenda yekha anzake akupita kwina.

Pachipata cha sukulu pankakhala mayi wina, a Beatrice, wogulitsa mtedza wokazinga ndi vitumbuwa. Masana ena mayiyo anakodola a Mbewe.

"Ba tata, bwelani kuno." Anawapatsa kamtedza m'dzanja ngati akugulitsa, nayankhula motsitsa mawu. "Ine nikudziwani, ndimwe batate ba Imelda. Koma si bonse bakudziwani. Dzulo banyamata babili banabwela kunifunsa, ati uja mudala wamene ankhala pansi kuyang'ana masoja ni ndani."

"Sindiyang'ana asilikali, mayi. Ndiyang'ana ana."

"Bana na masoja bali pamodzi. Wamene akuonani ali patali sangasiyanitse."

A Mbewe anathokoza. Pobwerera ku mtengo kumene anasiya njinga, anaona msilikali wa pakhoma akuwatsatira ndi maso. Kale msilikaliyo ankangoyasamula ndi kuthamangitsa ntchentche. Tsopano mfuti anali ataitsitsa paphewa.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, pakhomo panafika a Gilson, tcheyamani wa chipani m'dera lawo, kalipentala wochokera ku Chadiza, amene anakhala nawo moyandikana zaka zambiri. Anakhala pampando wapanja. Tiyi anakana.

"A Mbewe, ine ndi inu sitibisana. Dzina lanu lamveka kumsonkhano."

"Lamveka bwanji?"

"Akuti mumawerenga malole a asilikali."

A Mbewe anafotokoza zonse: khoma, migolo, dzuwa, msinkhu wa mwana. Anafotokoza modekha, akujambula pansi ndi kamtengo. A Gilson anayang'ana chojambulacho, kenaka anachifufuta ndi nsapato.

"Musamajambule zinthu zotere, ngakhale padothi."

"Tiyeni mawa mukanyonyomale nokha, a tcheyamani. Mukaona."

"Ine ndikanyonyomale pamaso pa mfuti? Tamverani. Mukuti khoma lija ndi loipa. Khoma loteteza dziko, lomangidwa anthu athu ataphedwa. Mawu amenewo ndawamva ine mnzanu, athere pano. Anyamata a chipani ndimawalamula pamsonkhano, koma pamsewu magazi akatentha samva tcheyamani."

Mlendo atapita, a Helen anatuluka m'khitchini mmene ankamvetsera.

"Atate a Imelda, Mpundu anapita, sadzabwerera. Mukufuna ndikhale wamasiye chifukwa cha matumba a mchenga?"

"Mawa lokha, amake Imelda. Patsala chinthu chimodzi. Kumunsi kuja kuli mtengo wa jakaranda. Ndikufuna ndione ngati mwana wowolokera pamenepo angaonekere kwa dalaivala. Ngati angaonekere, ndikauza ahedi, ana asinthe powolokera, khoma osalikhudza n'komwe. Ndikatero ndatha."

"Munati mudikira yankho la ku msasa."

"Ndadikira."

A Helen anatola kapu ya tiyi imene mlendo anaikana n'kukaithira kuseri kwa nyumba.

Kutacha, kunamveka mfuti chakummwera kwa mzinda. Ena amati ndege yadutsa, ena amati asilikali angodzidzimuka. Pamalo okwerera basi anthu anali ambiri, basi osabwera, aliyense akunena zake. A Mbewe anawoloka msewu kupita mbali ya sukulu, natsikira pa jakaranda paja. Ananyonyomala. Anatsinzina diso limodzi, natambasula dzanja kuloza kokhota, kenaka kulisuntha pang'onopang'ono mpaka pangodya ya khoma, kuti aone mzere umene diso la dalaivala lingayende. Mtima unayamba kutsika. Pamenepa mwana akanaoneka. Pamenepa pakanatheka.

"Uyo! Uyo alozela! Kazitape!"

Sanadziwe amene anafuula. Anangomva mapazi. Asanaimirire, wina anawaponda kumsana n'kugwa chafufumimba. Anayesa kunena dzina lawo, dzina la ofesi yawo, koma mawu anamira m'phokoso. Anyamata a chipani aja anafika poyamba, kenaka anthu a pabasi, amuna a mataye, amayi a madengu. Anamva a Beatrice akukuwa kuti, "Musiyeni, ni kholo uyo, nimudziwa!" koma wina anawakankha, beseni la vitumbuwa n'kugubuduka. Nsapato inawapeza kukhutu. Ina m'nthiti.

Tsaya lili pamiyala, a Mbewe ankaona tsidya la msewu kudzera pakati pa miyendo ya anthu. Ankaona khoma lija. Ndipo pangodya yake panatulukira kamutu ka tsitsi loluka, kenaka yunifolomu yotuwa. Imelda anaima, anayang'ana gulu la anthu, anazindikira jekete la atate ake. Mabuku anagwa.

"Atate!"

Sanasuzumire. Anangothamanga.

A Mbewe anafuna kukuwa kuti ima, koma m'chifuwa munalibe mpweya. Anamva mabuleki akulira, kulira kwautali, kenaka kugunda kosamveka kwambiri, ngati thumba la ufa lagwa pangolo. Miyendo ya anthu inatsekeka patsogolo pawo. Mfuti inalira m'mwamba, gulu linabalalika, ndipo manja olimba anawanyamula n'kuwaponya kumbuyo kwa galimoto ya asilikali. Anayesa kudzutsa mutu kuti aone pamsewu. Wina anaukanikiza pansi ndi bondo.

Kumene anawatengera sanakudziwe, ndipo mpaka imfa yawo sanakutchule. Chinali chipinda cha simenti chokhala ndi kawindo kumwamba. Wowafunsa sanali wa yunifolomu. Anali bambo wa malaya oyera, wa mawu ofewa, amene ankawatchula kuti a Mbewe mwaulemu ndithu.

"Munkawerenga chiyani pamsewu paja?"

"Sindinkawerenga, bwana. Ndinkaona ngati mwana angawoloke. Mwana wanga ali moyo?"

"N'chifukwa chiyani munkabisala pansi?"

"Sindinkabisala. Mwana ndi wamfupi. Ukaima suona chimene iye amaona. Bwana, mwana wanga wagundidwa ndi galimoto. Ali moyo?"

"Ofesi yanu ikuti munauzidwa kudikira chilolezo. Munapitiranji?"

Bamboyo anatsegula fayilo.

"Munagwira ntchito ndi azungu oyeza malo. Zoona?"

"Zoona."

"Ali kuti tsopano?"

"Ena anapita ku Ulaya. Ena sindidziwa."

"Mmodzi anapita kummwera, kutsidya kwa Zambezi. Munkamunyamulira ndodo. Amakulemberani?"

A Mbewe ankamukumbukira mzunguyo, wamfupi, wokonda kutukwana, ndipo zinali zoona kuti anapita kummwera. Moyo wawo wonse, umene ankauyesa wowongoka ngati mzere wa tepi, unkatha kuwerengedwa mwanjira ina, ndipo njira inayo inkagwirizana bwino lomwe.

"Bwana, ndiuzeni za mwana yekha."

"Tiuzeni amene wakutumani, nafenso tikuuzani za mwana."

Mafunso omwewo anabwerezedwa tsiku ndi tsiku. Masiku ena bamboyo ankatuluka n'kusiya anthu ena awiri amene sankafunsa kanthu. Koma a Mbewe ankadzanena pambuyo pake kuti zibakera sizinali kanthu poyerekeza ndi kusadziwa. Akatseka maso ankamva mabuleki aja. Ankayesa kuyeza ndi khutu kutalika kwa kulirako, kuti adziwe liwiro la galimoto pamene inkafika pa mwana, ndipo yankho linkasintha nthawi iliyonse. Anayesa kupemphera, mawu osabwera. Anayesa kuimba, nthiti n'kukana.

Wobweretsa chakudya anali msilikali wachikulire dzina lake Meshack, amene kayankhulidwe kake kanali ka ku Chipata. Sankaloledwa kucheza ndi omangidwa. Tsiku lina, akuika mbale ya nyemba pansi, anayankhula osayang'ana munthu, ngati akuyankhula ndi mbaleyo.

"Mudala, kamwana kali moyo. Mwendo chabe. Mlamu wanga akhala ku Kabwata."

Anatuluka n'kutseka. A Mbewe anakhala pansi n'kulira mokweza, koyamba chiwagwirireni.

Kunja, a Helen anali akuyenda. M'mawa ankapita kuchipatala kumene Imelda anagona mwendo uli m'chikhakha, masana ankagogoda pamakomo. A Gilson anati nkhaniyi yakwera pamwamba, iwo sangaifikire. Anansi ena anasiya kubwereka mchere. Akulu a mpingo analemba umboni, Mayi Kunda analembanso wawo. Koma chimene chinkafunika chinali mawu a ofesi, ndipo a Mukuka, atafunsidwa koyamba, anali atanena zoona zokhazokha: kuti anawauza a Mbewe kudikira. A Helen anakawapeza ku ofesi n'kukhala pabenchi ya pakhonde osachoka mpaka anthu ataweruka.

"Mayo, nizachita bwanji? Nikasintha mawu, bazanitenga na ine," anatero a Mukuka.

"Sindinabwere kudzakuphunzitsani, bwana. Ndabwera kuti mundione."

A Mukuka anakhala nazo masiku angapo. Kenaka anavala suti, anatsanzika mkazi wawo ngati wopita ulendo, n'kupita kukanena kuti ntchito yoona malo aja inali ya ofesi, kuti anaipereka ndi iwo, ndipo kuti ngati panali kulakwa pa kachitidwe kake, kulakwako kunali kwa iwo monga mkulu. Anasungidwa tsiku lonse akufunsidwa. Madzulo anawalola kupita. Kukwezedwa pantchito kumene ankayembekezera chaka chimenecho sikunabwere.

A Mbewe anatulutsidwa mvula itayamba kale. Anawatsitsa pafupi ndi msika waukulu wa m'tawuni, opanda lamba, opanda zingwe za nsapato, ndipo anayenda wapansi mpaka ku Kabwata. Palibe anawapepesa, palibenso anawauza kuti mlandu watha. Anangouzidwa kuti asayandikirenso msasa uja. Atalowa m'nyumba anapeza Imelda atakhala pamphasa, mwendo utawongoka kutsogolo. Anagwada pambali pake. Mwanayo anawagwira kumaso, pamene panali chipsera, nafunsa ngati njinga yawo anaipeza. Njingayo inali itasowa tsiku lomwe lija.

Atapezako bwino, anakhala pansi ndi a Mukuka n'kulemba zonse zimene anaona. Za khoma analemba mosamala, kuti lisamveke ngati likunenedwa. Akulu a msasa anayankha mwaulemu kuti khomalo silingasunthe nkhondo ili mkati, koma analola kuti msilikali mmodzi aziimitsa magalimoto ana akamawoloka. Zinayenda bwino miyezi ingapo. Kenaka gulu la asilikali lija linasamutsidwa, ndipo obwera m'malo mwake sanauzidwe. Mayi Kunda anatsegula kachipata kena moyang'anana ndi jakaranda, nalamula kuti ana onse azidzera pamenepo. Aang'ono anamvera. Akuluakulu, makamaka apanjinga ndi ochedwa, ankadzerabe pakhoma aphunzitsi akapanda kuona.

Imelda anachira, koma mwendo unatsala waufupi pang'ono, ndipo ankayenda motsimphina. A Mbewe sanatumidwenso kumisewu. Anapatsidwa tebulo m'chipinda chosungira mapu. Ku Kabwata anthu anayambanso kuwapatsa moni, koma dzina lija linakakamira. Ana osadziwa chiyambi chake ankati, "Kunyumba kwa ba Kazitape," polozera mlendo njira. Mwa amene anawamenya, ena ankawadziwa nkhope. Mmodzi ankagulitsa nyama kumsika, ndipo a Mbewe akafika ankawaonjezera kachidutswa, maso ali pasikelo.

Nkhondo itatha mu 1980, asilikali anapasula khoma lija, migolo n'kuchotsedwa. Msewu unatseguka, n'kukhala wowongoka ndi wosalala, ndipo madalaivala amene kale ankachepetsa liwiro poopa mfuti anayamba kuthamanga mmene afunira. A Mbewe anauza a Mukuka kuti tsopano pakufunika zitunda zochepetsa liwiro ndi mizere yowolokera. A Mukuka anavomereza, nalemba. Koma zaka zimenezo phula linali losowa, penti yosowa, ndipo pempholo linaikidwa pamzere pamodzi ndi ena ambiri.

Chaka chotsatira, Loweruka lina ali kukwaya, m'busa analowa n'kuimitsa nyimbo. Mwana wa mmodzi wa amayi a chigwirizano, wa giredi sikisi, anali atagundidwa pa njinga Lachisanu masana pobwera kusukulu, ndipo anali atamwalira m'mawa umenewo kuchipatala. Wina anafunsa kuti pati. M'busa anatchula malowo, paja panali khoma. Anthu angapo anatembenuka kuyang'ana a Mbewe, kenaka anayang'ana pansi. Iwo anatseka buku la nyimbo, nafunsa kuti mwambo wa maliro uyamba nthawi yanji.

Anapuma pantchito zaka zochepa pambuyo pake, nabwerera ku Katete ndi a Helen. Imelda anatsala m'tawuni, anaphunzira kusoka, nakwatiwa ku Chelstone, kumene ana ake ankawaperekeza yekha kusukulu mpaka atakula ndithu, iwo akuchita manyazi ndi anzawo. A Mbewe anamwalira chipani chimodzi chisanathe kulamulira. Anaikidwa kumudzi kwawo, ndipo a Mukuka, tsitsi litayamba kuyera, anayenda ulendo wonse wa kum'mawa pa basi kudzaponya nawo dothi.